John Chrysostom—Mlaliki Amene Anayesedwa ndi Ziphunzitso Zake Zomwe

KODI nchifukwa ninji munthu wolungama amavutika pamene woipa akudya bwino ndi kugona tulo tabwino? Funso limeneli nlakale kwambiri. Yobu analifunsa ali paphulusa, wamasalmo Asafu anatsala pang'ono kuterereka nalo, ndipo mneneri Habakuku analitula kwa Mulungu mwiniyo. (Yobu 21:7, Salmo 73:2, 3, Habakuku 1:13) Kuyankha funsoli pamene zinthu zili bwino nkosavuta. Koma yankho limene munthu amapereka atalandidwa zonse ndilo limasonyeza ngati anali kukhulupiriradi zimene anaphunzitsa ena.

Mmodzi wa anthu amene anakumana ndi chiyeso chimenecho anali John wa ku Antiokeya, mlaliki wa m'zaka za zana lachinayi C.E. Kaamba ka luso lake la kulankhula, mibadwo yapambuyo pake inampatsa dzina lakuti Chrysostom, limene m'Chigiriki limatanthauza wapakamwa pagolidi. Iye anathera zaka pafupifupi 20 akufotokoza zimene Malemba amanena ponena za kuvutika. Ndiyeno anathera zaka zitatu zomalizira za moyo wake ali wopitikitsidwa, wodwala, ndi wonamiziridwa. Kodi iye anaphunzitsanji, ndipo kodi chiphunzitso chakecho chinalimba pamene moto unamfikira?

Mwana wa Mkazi Wamasiye

John anabadwa cha m'ma 349 C.E. mu Antiokeya wa ku Suriya, mzinda umene ophunzira a Yesu anayambira kutchedwa Akristu. (Machitidwe 11:26) Lerolino malowo amatchedwa Antakya, ndipo ali m'dziko la Turkey. Atate wake, Secundus, anamwalira iye akali khanda. Amake, Anthusa, anatsala amasiye ali ndi zaka pafupifupi 20, ndipo sanakwatiwenso. Chotero mnyamatayo anadziŵa chisoni cha pabanja asanayambe nkomwe kuŵerenga za icho m'mabuku.

Anthusa anaonetsetsa kuti mwana wake walandira maphunziro abwino koposa a panthaŵiyo. John anaphunzira luso la kulankhula poyera kwa Libanius, mphunzitsi wotchuka amene anali kulambira milungu ya Agiriki. Komabe, atabatizidwa cha m'ma 368 C.E., mtima wake unatembenukira ku Malemba. Anakhala wophunzira wa Diodore, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa ku Tariso. Aphunzitsi a ku Antiokeya anali kusiyana ndi a ku Alexandria, amene anakonda kufunafuna matanthauzo obisika m'liwu lililonse la Baibulo. Diodore anaphunzitsa kuti woŵerenga ayenera kuyamba wafunsa kuti analemba ndani, analembera yani, ndipo nkhaniyo ikunenanji kwenikweni. Njira imeneyi inayambukira ulaliki wonse wa John. Kwa iye, Yobu, Yosefe, ndi Paulo anali anthu enieni amene anamva ululu weniweni.

Mofanana ndi anyamata ambiri achangu a m'nthaŵi yake, John analingalira kuti kuzunza thupi kumayandikizitsa munthu kwa Mulungu. Anapita kumapiri a pafupi ndi Antiokeya, kumene anakhala zaka zinayi ndi mkulu wina wodzipatula, ndiyeno zaka zina ziŵiri ali yekha m'phanga. M'phangamo analoŵeza mbali zazikulu za Malemba, koma sanali kugona mokwanira kapena kudya bwino, ndipo kuzizira kunamloŵa m'thupi. Mimba yake ndi impso zake zinawonongeka moti anakakamizika kubwerera kumzinda. Matenda amenewo sanamsiye kufikira imfa yake. Mtumwi Paulo anali atachenjeza kale kuti kuzunza thupi kumaoneka ngati nzeru koma sikuthandiza polimbana ndi zilakolako. (Akolose 2:23) Kuvutika koyamba kwa John kunali kodziitanira yekha.

Zifukwa Zimene Oyera Mtima Amavutikira

John anaikidwa kukhala dikoni mu 381 C.E. ndipo mu 386 C.E. Bishopu Flavian anamuika kukhala wansembe. Kwa zaka 12 zotsatira, iye ndiye anali mlaliki wamkulu wa Antiokeya. Anali kutenga buku la Baibulo ndi kulifotokoza vesi ndi vesi, akumamaliza ulaliki uliwonse ndi uphungu wonena za moyo wa tsiku ndi tsiku. Maulaliki ake ambiri alipobe mpaka lero, kuphatikizapo 90 ofotokoza Uthenga Wabwino wa Mateyu, 88 wa Yohane, ndi 32 ofotokoza kalata ya kwa Aroma.

Kuchiyambi kwa 387 C.E., John analalikira pa 1 Timoteo 5:23, pamene Paulo akulangiza Timoteo kumwako vinyo pang'ono chifukwa cha mimba yake ndi kudwaladwala kwake. Vesi limeneli ambiri amangolidumpha, koma John anaonamo funso lalikulu. Ngati Paulo anachiritsa odwala ndi kuukitsa wakufa, kodi analekeranji kuchiritsa wantchito mnzake wokondedwa? Ndipo kodi Mulungu analoleranji munthu wofunika chotero pantchito yake kukhala wodwaladwala?

Poyankha, John anandandalika zifukwa zisanu ndi zitatu, nawonjezerapo zina pambuyo pake. Iye anati mavuto amatetezera atumiki a Mulungu ku kunyada, monga momwe munga m'thupi unachitira kwa Paulo. (2 Akorinto 12:7-9) Amaletsanso anthu kuwalambira monga milungu, ngozi imene Paulo ndi Barnaba anakumana nayo ku Lustra. (Machitidwe 14:11-15) Amaonetsa kuti mphamvu yochitira ntchitoyo njochokera kwa Mulungu, osati kwa munthu. Amatsimikizira kuti munthu angatumikire Mulungu popanda kuyembekezera malipiro, zimene zinatsutsa chinenezo cha Satana pa Yobu. (Yobu 1:9-11) Ndiponso, munthu wolungama akamwalira asanaone chilungamo, zimenezo zimakakamiza woona kulingalira za chiukiriro ndi chiweruzo, pakuti Mulungu wolungama sangasiye mlandu wotero wosatha. Pomalizira pake, mavuto a anthu okhulupirika akale amatonthoza ovutika a lerolino ndi kuwachotsera chodzikhululukira chakuti akalewo anali ndi thupi losiyana ndi lathu.

Patangopita masiku oŵerengeka, mzinda wonse unafunikira chiphunzitso chimenecho.

Mzinda Wogwidwa ndi Mantha

M'February 387 C.E., Mfumu Theodosius I inalamula msonkho watsopano. Khamu la anthu okwiya linagwetsa zifaniziro za mfumuyo ndi za banja lake ndi kuzikhwekhwereza m'makwalala. M'malamulo a Roma, kuchita zimenezo kunali kupandukira boma. Mkwiyo utaphwa, mantha anagwira onse. Ena anaphedwa nthaŵi yomweyo, ambiri anathaŵira kumapiri, akuluakulu a mzinda anaponyedwa m'ndende, ndipo malo osambira ndi mabwalo a maseŵera anatsekedwa. Flavian, ngakhale kuti anali wokalamba, anauyamba ulendo wautali wa ku Constantinople kukapempha chifundo.

M'milungu yodikira imeneyo, tchalitchi chinadzaza tsiku ndi tsiku. Maulaliki 21 a John a panyengoyo amasonyeza mmene anagwiritsirira ntchito Baibulo kwa anthu amene sanadziŵe ngati adzaona maŵa.  Anawasonyeza kuti mantha anali atachita m'masiku oŵerengeka zimene ulaliki unalephera kwa zaka zambiri: nyimbo zonyansa zinaleka, mabwalo a maseŵera anakhala opanda anthu, ndipo adani anayamba kukhululukirana. Anawachonderera kuti asabwerere kumikhalidwe yawo yakale ngoziyo ikadzapita. Chikhululukiro cha mfumu chinafika panyengo ya Isitala.

Posapita nthaŵi, John anapereka maulaliki asanu ndi aŵiri onena za Lazaro ndi munthu wachuma. (Luka 16:19-31) Antiokeya anali ndi Alazaro ambiri. John mwiniyo anatchula kuti tchalitchi cha mumzindawo chinali kusamalira akazi amasiye ndi anamwali okwanira 3,000, osaŵerengera andende, odwala, ndi alendo. Iye anaphunzitsa kuti ulemerero si umboni wa chiyanjo cha Mulungu, ndipo umphaŵi si umboni wa mkwiyo wake. Anapitirira pamenepo, nanena kuti wachuma amene sagaŵira osauka amakhala akuwabera, popeza chuma chimene ali nacho anangoikiziridwa. Chotero kwa John, funso lakuti Mulungu amaloleranji osauka kuvutika linali ndi linzake: Kodi inu amene muli ndi chakudya mukuloleranji zimenezo?

Tiyeneranso kunena kuti pakamwa pagolidipo panatulukanso mawu oipa. Mu 386 ndi 387 C.E., John anapereka maulaliki asanu ndi atatu otsutsa Akristu amene anali kupita kumasunagoge ndi kusunga madyerero Achiyuda. M'maulalikiwo ananyoza Ayuda ndi mawu aukali kwambiri, ndipo m'zaka mazana otsatira, odana ndi Ayuda anagwiritsira ntchito mawuwo kulungamitsa nkhanza zawo. Munthu amene anatonthoza ovutika anakhalanso wowonjezera kuvutika kwa ena. Zimenezi zikutikumbutsa chenjezo la Yakobo lakuti aphunzitsi adzalandira chiweruzo chokulirapo, ndi kuti lilime limodzi likhoza kutamanda Mulungu ndi kutemberera anthu.—Yakobo 3:1, 9, 10.

Bishopu Wosafunidwa ndi Akuluakulu

Nectarius, bishopu wa Constantinople, atamwalira mu 397 C.E., nduna yamphamvu yotchedwa Eutropius inalinganiza zakuti John aloŵe m'malo mwake. Anamtulutsa mu Antiokeya mwakabisira poopa kuti anthu angachite chipolowe. Likulu la ufumuwo linali litazoloŵera mabishopu okonda madyerero. John anachepetsa ndalama zowonongedwa panyumba ya bishopu nazigwiritsira ntchito pa zipatala. Anali kudya yekha, makamaka chifukwa cha mimba yake, koma ambiri anakuona kukhala kunyada. Anadzudzula atsogoleri achipembedzo amakhalidwe oipa, ndipo paulendo wake wa ku Efeso anachotsa mabishopu angapo amene anagula malo awo ndi ndalama. Anthu wamba anamkonda, koma adani ake anachuluka. Ngakhale olemba mbiri omuyanja amavomereza kuti anali wapsamtima ndi wosadziŵa kufeŵetsa mawu.

Mu 399 C.E., Eutropius anagwa paulamuliro nathaŵira m'tchalitchi, ngakhale kuti iye mwini anali atayesa kuletsa anthu kubisala m'matchalitchi. John anamtetezera kwa asilikali, koma analalikira pa Mlaliki 1:2 ndunayo ili chogwirira guwa la nsembe, akumaisonyeza kwa anthu monga chitsanzo cha kupanda pake kwa ulemerero wa dziko. Ena anaona chifundo m'zimenezo, ena anaonamo nkhanza.

Pomalizira pake, adani ake anagwirizana. Theophilus, bishopu wa Alexandria, anakwiya chifukwa John analandira amonke ena amene iye anawapitikitsa ku Igupto. Eudoxia, mkazi wa Mfumu Arcadius, anakhulupirira kuti maulaliki otsutsa akazi okonda zokongoletsa anali kunena iye. Mu 403 C.E., mabishopu 36, ochuluka a iwo ochokera ku Igupto, anasonkhana pafupi ndi Chalcedon pamalo otchedwa ndi dzina la mtengo wa thundu. John anakana kukaonekera pamaso pa adani ake monga oweruza, ndipo anamchotsa paudindo iye kulibe. Anapitikitsidwa, koma anaitanidwanso patapita masiku oŵerengeka chifukwa cha mkwiyo wa anthu ndi mantha a Eudoxia.

Mtenderewo sunakhalitse. Chifaniziro chasiliva cha Eudoxia chinaimikidwa pafupi ndi tchalitchi chachikulu, ndipo phokoso la madyerero ake linasokoneza mapemphero. John anadandaula poyera, ndipo mbiri inafika kunyumba ya mfumu yakuti anafanizira mkaziyo ndi Herodiya. Pa Isitala wa 404 C.E., asilikali anabalalitsa otsatira ake pamene anali kubatiza anthu, ndipo mwazi unakhetsedwa. Pa June 20 chaka chomwecho, John anatsazika anzake natulukira pakhomo lam'mbali kuti khamu lisamenyane ndi asilikali. Tsiku lomwelo tchalitchicho chinapsa ndi moto, ndipo mabwenzi ake anaimbidwa mlandu, ena nazunzidwa.

Makalata Ochokera ku Cucusus

Ulendo wopita ku Cucusus, tauni yaing'ono ya m'mapiri a Armenia imene lerolino ndi Göksun ku Turkey, unatenga masiku pafupifupi 70. John anadwala malungo aakulu panjira. Ku Kaisareya wa ku Kapadokiya, gulu la amonke linamthamangitsa m'nyumba imene anali kuchiriramo. Atafika ku Cucusus, anapeza nyengo yachisanu yoopsa. Anakhala miyezi ali m'chipinda chodzala utsi, akusanza, mutu ukumpweteka, tulo tosabwera. Achifwamba a ku Isauria anali kuukira midzi, ndipo panthaŵi ina anathaŵira kulinga la Arabissus. Papa Innocent I wa ku Roma anamchirikiza, koma pempho lake lakuti mlanduwo uzengedwenso silinamvedwe.

Pamikhalidwe imeneyi, John analemba makalata pafupifupi 240 amene alipobe. Otchuka koposa ndi 17 amene analembera Olympias, mkazi wamasiye wolemera amene anapereka chuma chake kuthandiza osauka. Olympias ananamiziridwa kuti anatentha tchalitchi, analipitsidwa ndalama zambiri, nachoka mumzindawo ali wodwala ndi wopsinjika mtima kwadzaoneni, kufikira pa kulakalaka imfa. Tsopano wopitikitsidwayo ndiye anali kutonthoza wotsala.

Kodi anamuuzanji? Choyamba, anamkumbutsa kuti chinthu chimodzi chokha ndicho choyenera kuopedwa, ndicho uchimo. Mabodza, kulandidwa chuma, ndi kupitikitsidwa zimakhudza thupi lokha ndipo zimapita. Chachiŵiri, anamsonyeza kuti kaŵirikaŵiri Mulungu sathetsa tsoka pachiyambi pake. Sanaletse Nebukadinezara kusonkha ng'anjo, ndipo sanaletse abale a Yosefe kumgulitsa. Chipulumutso chinafika pamene anthu anali atataya chiyembekezo. (Danieli 3:19-27, Genesis 50:20) Chachitatu, anavomereza kuti kudwala ndiko chiyeso choŵaŵa koposa, akumasonyeza kuti Satana anasunga nthenda kukhala chida chake chomalizira pa Yobu. (Yobu 2:4-7) Munthu amene anawononga thanzi lake m'phanga tsopano analangiza Olympias kuonana ndi madokotala ndi kumwa mankhwala. Zaka zinali zitamphunzitsa kuti kupirira kuvutika nkosiyana ndi kukufunafuna.

Analembanso timabuku tiŵiri. M'koyamba anafotokoza kuti palibe amene angavulaze munthu amene sakudzivulaza yekha. Ubwino wa kavalo, iye anatero, suli m'zokongoletsa zagolidi koma m'nyonga yake. Mofananamo, ubwino wa munthu suli m'chuma, thanzi, kapena mbiri yake, koma m'chikhulupiriro choona ndi moyo wolungama. Zimenezi palibe mdani angazilande. Kaini anapha Abele, koma wovulala kwenikweni anali Kaini. Yudasi anayenda ndi Yesu koma sanapindule, pamene Ahebri atatu anali akapolo m'Babulo koma sanawonongeke. M'kabuku kachiŵiri, kolembera okhumudwa ndi zimene zinachitikira tchalitchi, anagogomezera kuti njira za Mulungu nzosalondoleka kwa munthu. (Aroma 11:33) Munthu wosadziŵa ulimi angaganize kuti mlimi akutaya mbewu zake pozifesa m'nthaka. Woonayo ayenera kudikira nyengo yokolola asanaweruze.

Kodi Anaŵerenga Malemba Molondola?

Zambiri zimene John anaphunzitsa zili ndi maziko olimba. Paulo analemba kuti chisautso chimabala chipiriro, ndipo chipiriro chimabala mkhalidwe woyesedwa ndi chiyembekezo. (Aroma 5:3-5) Yesu anakana lingaliro lakuti munthu wobadwa wakhungu anali kulangidwa, kapena kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa koposa ena. (Yohane 9:1-3; Luka 13:4, 5) Ena a mabwenzi a John anaiŵala mfundo imeneyi. Matalala aakulu atagwa ku Constantinople ndipo Eudoxia namwalira mu October 404 C.E. atapita padera, ambiri ananena kuti Mulungu anali kubwezera. Koma ngati imfa ya mkaziyo inali umboni wa liwongo lake, kodi kudwala kwa John kunali umboni wa chiyani? Mabwenzi atatu a Yobu anaŵerengera chilungamo cha Mulungu mwanjira yomweyo, ndipo Mulungu anawadzudzula.—Yobu 42:7.

Komabe, mbali zina za chiphunzitso chake zimafuna kusamala. Lingaliro lakuti munthu wabwino sangavulazidwe linali lodziŵika kale kwa anthanthi Achigiriki, ndipo likakokomezedwa lingachititse munthu kuona chisoni monga kufooka. Yesu analira pamanda a Lazaro. (Yohane 11:35) Ndiponso, pofuna kupeza phindu m'vuto lililonse, munthu angafike pa kunena kuti Mulungu ndiye amatumiza zoipa. Yakobo anatsutsa zimenezo, ndipo Solomo anaona kuti nthaŵi ndi zochitika zosayembekezereka zimagwera onse. (Yakobo 1:13, Mlaliki 9:11) Kulola chinthu nkosiyana ndi kuchichititsa. Mulungu angatulutse zabwino m'chisalungamo popanda chisalungamocho kusanduka chabwino. John mwiniyo sanaleke kunena kuti mlandu wake unaweruzidwa mokhota ndi kupempha kuti uzengedwenso.

Ulendo Womalizira

Adani ake anavutika mtima poona kuti anthu anali kupitabe ku Cucusus ndi kuti makalata ake anali kufika kutali. Ali komweko anali kuchirikiza alaliki ku Foinike ndi pakati pa Agoth, ndi kuwombola anthu ogwidwa ndi achifwamba. Mu 407 C.E., lamulo linaperekedwa lakuti asamutsidwire ku Pityus, kugombe lakummaŵa kwa Black Sea. Asilikali anamuyendetsa pansi kwa milungu yambiri, m'mvula ndi padzuŵa. Pa September 14, pafupi ndi Comana m'Ponto, mphamvu zake zinatha. Anambweza kukachisi wa wofera chikhulupiriro wotchedwa Basiliscus kumene anagona usiku wapitawo. Malinga ndi Palladius, bwenzi lake limene linalemba mbiri ya moyo wake, John anavala zovala zoyera, napemphera, ndipo m'mawu ake omalizira analemekeza Mulungu kaamba ka zinthu zonse, monga momwe anazoloŵerera kuchita.

Mu January 438 C.E., mafupa ake anabwezedwa ku Constantinople. Mfumu Theodosius II, mwana wa Arcadius ndi Eudoxia, anaŵerama pabokosilo napempha chikhululukiro kaamba ka makolo ake. Zaka zoposa 30 zinali zitapita, ndipo pafupifupi onse oloŵetsedwa m'mlanduwo anali atamwalira.

Chilungamo cha anthu chimachedwa motero, ndipo nthaŵi zina sichifika nkomwe. Mbiri ya John Chrysostom, munthu waluso lalikulu ndi zophophonya zazikulu, imasiya mafunso kwa aliyense woŵerenga Baibulo. Pamene tiona mnzathu akuvutika, kodi timafulumira kumpezera tchimo, kapena timamgaŵira zimene tili nazo? Ndipo pamene kuvutikako kwafika pakhomo pathu, kodi tidzalola kuti kutilande chinthu chokhacho chimene mdani sangachitenge popanda ife kuchipereka? Petro analangiza ovutika chifukwa cha chilungamo kuikiza moyo wawo kwa Mlengi wokhulupirika, akumapitirizabe kuchita zabwino.—1 Petro 4:19.